Mwini nyumba aime panja

Mwezi ukamalowera kumapeto, m'makwalala a Ndirande, Bangwe, Mbayani, Kawale, Mtandire, Chinsapo ngakhalenso Chibavi mumaoneka zinthu zimene maso athu adazizolowera kale, mwakuti ambiri timangolambalala osaimanso n'kudabwa. Apa chitseko chazulidwa, pakhomo pakulendewera chitenje. Apo malata awiri asasulidwa moyang'anizana ndi pogona, kumwamba mitambo ya mvula ili bii. Kwinaku loko watsopano wakhomedwa pamwamba pa loko wakale, ana ochokera kusukulu angoti kakasi pakhonde, mkute wawo watsekeredwa m'katimo. Ukafunsa chatsitsa dzaye, yankho limakhala limodzi: lendi.

Zakuti munthu amene walephereratu kulipira lendi ayenera kutuluka m'nyumba ya eni, ife sitikutsutsa. Chimene chatikhudza lero ndi katundu amene amatsalira kuseri kwa loko uja. Banja limapita kukapempha pogona kwa achibale lili ndi zovala za m'thupi zokha, likuyembekeza kuti likadzapeza ndalama lidzatenga zake. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, bambo akabwera ndi kangachepe m'manja, amapeza m'nyumba muja mwalowa kale anthu ena. Akafunsa za matilesi, makina osokera, wailesi ndi mapoto, amauzidwa kuti zina zidanyowa, zina zidabedwa, ndipo zina zidalowa m'malo mwa lendi. Nkhani imathera pomwepo, poti munthu wangongole amaona ngati alibenso pakamwa.

Ikadakhala nkhani ya anthu akunja, tikadaisiyira atolankhani olemba za kukhoti. Koma Lamulungu kapena la Sabata likafika, mwini nyumba ndi wochita lendi uja amakhala pabenchi limodzi, amaimba nyimbo imodzi, ndipo amayandikira pagome limodzi la Ambuye. Wina ndi mkulu wa mpingo, wina ndi wa kwaya. Kukhala m'nyumba ya lendi si chilema ayi. Buku la Machitidwe, pa mutu 28 ndime 30, limatiuza kuti mtumwi Paulo naye adakhala zaka ziwiri mumzinda wa Roma m'nyumba imene ankalipira yekha, ndipo Uthenga Wabwino unkamveka kuchokera m'nyumba yomweyo.

Tiyambe ndi ochita lendi, kuopa kuti eni nyumba angati tikukondera. Ngongole ndi ngongole. Ambiri mwa alandilodi a m'makomboni mwathu si mpondamatiki. Wina ndi mayi wamasiye amene adamanga mdadada wa zipinda zinayi ndi ndalama za penshoni ya malemu amuna ake, ndipo lendi imeneyo ndiyo ufa wake, fizi ya ana, bilu ya madzi ndi mankhwala ake. Munthu akakhala miyezi inayi osalipira, koma madzulo aliwonse pakhomo pake pakutuluka fungo la nyama, kapena akamanga katundu pakati pa usiku n'kuthawa osatsanzika, wadya thukuta la wamasiye ameneyo. Salimo 37 ndime 21 imaika munthu wokongola koma osabweza m'gulu la oipa. Ndipo pa 2 Mafumu mutu 4, pamene mneneri Elisa adathandiza mkazi wamasiye amene wokongoza ndalama ankafuna kumulanda ana ake awiri, mafuta atachuluka sadamuuze kuti ngongole yafafanizika. Adamulangiza kuti agulitse mafutawo, abweze kaye za eni, ndipo zotsalazo adye ndi ana ake.

Komabe si onse olephera kulipira amene ali akathyali. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe ndi oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, pamene nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1964, zimafikira ochepa chabe. Otsalawo amadalira midadada ya anthu wamba. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo pakati pa ziwirizi namondwe wa Freddy adakokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera ena mu March 2023. Ufa, sopo ndi minibasi zikakwera pamene malipiro ali pomwepo, lendi ndiyo imayamba kutsalira m'mbuyo. Pano tinenepo pang'ono za mabwana amene amachedwetsa malipiro a mlonda, wantchito wa m'nyumba kapena mmisiri kufikira pakati pa mwezi wotsatira: mutu 24 wa Deuteronomo umene tiutchule pansipa ndi womwewo umene umalamula kuti waganyu wosauka alandire zake dzuwa lisanalowe. Loko wina amene akulendewera pakhomo ku Mtandire adayambira patebulo la Mkhristu wa ku Area 47.

Nanga Mulungu adati chiyani za katundu wa munthu wangongole? Chilamulo cha Mose sichidaletse chikole. Chidalola kuti wokongoza agwire kanthu, koma chidamumangira mpanda mbali zonse. Awerengi atsegule okha Deuteronomo 24 kuyambira ndime 10 mpaka 13. Wokongoza akuletsedwa kulowa m'nyumba ya mnzake kukadzitengera chikole. Ayenera kuima panja, ndipo wangongoleyo ndiye alowe, asankhe yekha chopereka, atuluke nacho. Taganizirani za nzeru imene ili m'lamulo limeneli. Munthu amene ali ndi mphamvu zonse pankhaniyo, amene ndalama ndi zake ndipo mlandu ukumukomera, ndiye akuuzidwa kuti mapazi ake athere pakhomo. Mulungu ankadziwa kuti munthu wokwiya akalowa m'chipinda cha mnzake maso ake sagwera pa chinthu cholingana ndi ngongole. Amagwera pa chinthu chokongola, kapena chimene chimupweteke kwambiri mnzakeyo. Ankadziwanso kuti ana amene aona mlendo akuvundukula mphasa ya makolo awo saiwala mpaka kukula.

Wina anganene kuti pankhani ya lendi zinthu n'zosiyana, poti nyumbayo ndi ya mwini wake. Zoona, makoma ndi malata ndi ake. Koma tsiku limene adalandira ndalama ya mwezi woyamba n'kupereka kiyi, adapereka kwa mnzake ufulu wotseka chitsekocho ndi kugona mosaopa. Zimene zili m'katimo sizidasanduke zake kaamba koti zili pansi pa denga lake, monga momwe thumba la chimanga silisanduka la mwini lole chifukwa chakuti lakwera pagalimoto yake.

Malire ena ali pa ndime 6 ya mutu womwewo: mphero, ngakhale mwala wake wapamwamba wokha, siyenera kutengedwa chikole, chifukwa woitenga watenga moyo wa banjalo. Masiku amenewo nyumba iliyonse inkapera ufa wa tsiku ndi tsiku, ndiye kuchotsa mphero kudali kuzimitsa moto wa pakhomopo. Mphero za masiku ano tikuzidziwa. Ndi makina a telala, njinga ya kabaza, wilibala, chiwaya cha wokazinga tchipisi, mashini ometera, mpeni wa pulasitala ndi levulo ya mmisiri womanga. Ngakhale titaika Baibulo pambali, nzeru za umunthu zokha zikukana: mwamulanda munthu chida chimene amapezera ndalama, ndiye ndalama yanuyo akaitenga kuti? Mwini nyumba amene watsekera makina osokera wadzitsekera yekha njira yolandirira lendi yake.

Ndiye pali za chofunda. Eksodo 22 ndime 26 ndi 27 imalamula kuti chovala cha mnzako chikatengedwa chikole chibwezedwe dzuwa lisanalowe, poti mwina ndicho chokha chimene amafunda usiku, ndipo Mulungu akulonjeza kuti munthu wotereyo akalira Iye adzamva. Chovala cha mkazi wamasiye ndiye chidaletsedweratu. Mneneri Ezekiele, pa mutu 18, pofotokoza za munthu wolungama adaika kubweza chikole pamndandanda umodzi ndi kupewa mafano ndi chigololo. Ife tidazolowera kulalikira mokweza za machimo awiri omalizawa, koma ndi liti pamene tidamva ulaliki wa kubweza bulangete?

Tiyeni tilowe m'chipinda chotsekedwacho ndi maso a mtima, tione zimene zili m'menemo. Pansi pa bedi pali chikwama, ndipo m'chikwamamo muli chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE, kalata za kuntchito, khadi ya ubatizo ndi buku la kusikelo la mwana. Pawindo pali botolo la mankhwala otalikitsa moyo, kapena a shuga, kapena a chifuwa chachikulu, amene munthu sayenera kudumphitsa kumwa. Pakhoma pali yunifomu ya Mvano, ya Chigwirizano kapena ya Dorika, pambali pake makope a mwana amene akulemba mayeso chaka chomwecho, ndi chithunzi chimodzi chokha cha agogo amene adatisiya kale. Zonsezi kumsika sizingagulidwe ngakhale ndi mtengo wa mtolo wa nkhuni. Kwa mwini nyumba zilibe phindu, koma kwa eni ake zina mwa izo sizidzapezekanso. Kugwira zinthu zotere sikubweza ngongole. N'kulanga chabe, ndipo chilangocho chimagwera mwana ndi wodwala amene sadachite nawo pangano la lendi.

Katundu amene ali ndi mtengo ndiye amabweretsa yesero lina. Tiyerekeze kuti ngongole ndi ya miyezi itatu, K30,000 pamwezi, yonse pamodzi K90,000. Mwini nyumba watsekera sofa, bedi, wailesi yakanema ndi firiji, zimene pamodzi zingakwane K700,000. Pakapita masiku, wailesi ija imapezeka ili pabalaza pake, ana ake akuonera mpira. Firiji igulitsidwa kwa mlamu wake pamtengo wolira. Zotsala ziunjikidwa kuseri kwa bafa, kumene chiswe, makoswe ndi mvula zimalizitsa ntchito. K610,000 yapamwambayo ili ndi dzina lake m'Malamulo Khumi, ngakhale woitengayo atakhala wopereka chakhumi mokhulupirika. Mneneri Amosi, pa mutu 2 ndime 8, adadzudzula anthu amene ankayala zovala za chikole pafupi ndi maguwa a nsembe n'kugonapo, ndipo Mika, pa mutu 2 ndime 9, adalira kaamba ka akazi opirikitsidwa m'nyumba zawo. Aneneri awiriwa sankalankhula ndi achikunja. Ankalankhula ndi anthu opita kukapembedza.

Munthu amene wagwira katundu wa mnzake wasanduka msungi, afune asafune. Mutu 22 womwe uja wa Eksodo, kuyambira ndime 7, umanena kuti katundu wosungitsa akasowa ndipo mbala osapezeka, wosungayo ayenera kukaonekera kuti zidziwike ngati iye sadatambasulirepo dzanja. Choncho mawu akuti zidabedwa sathetsa nkhani, ndipo pepani sapoletsa chilonda.

Malamulo a dziko nawo sakusiyana kwenikweni ndi zimenezi. Malamulo aakulu a dziko lino, a m'chaka cha 1994, akuti m'gawo 28 munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa. Gawo 21 likuteteza nyumba ya munthu kuti isamasechedwe wamba ndi katundu wake kuti asamagwidwe wamba, pamene gawo 41 likupatsa aliyense ufulu wotengera dandaulo lake kukhoti. Palibe pamene padalembedwa kuti ufulu umenewu umatha munthu akakhala ndi ngongole ya lendi. Pangano la pakamwa nalo ndi pangano, ngakhale kuti lolembedwa ndilo losavuta kulitsimikiza.

Eni nyumba ena adamvapo kuti lamulo limalola kugwira katundu wa tenanti. Mwambo umenewo ulipodi. Udachokera ku Mangalande, kumene ankautcha distress for rent, ndipo udafika kuno pamodzi ndi malamulo ena a Angerezi amene dziko lino lidalandira mu 1902. Koma amene amautchula amaiwala zingwe zake. Kwa eni akewo, katundu sankagwidwa usiku kapena Lamulungu, ndipo chitseko chakunja sichinkathyoledwa. Kuyambira mu 1267 kudali koletsedwa kugwira katundu wopitirira muyeso wa ngongole. Lamulo la mu 1689 lidati papite masiku asanu katundu asanagulitsidwe, ndipo ndalama yotsala isungidwire mwini katundu. La mu 1888 lidateteza zovala, zofunda ndi zida za ntchito za mtengo wochepa, n'kulamulanso kuti wogwira katunduyo akhale munthu wa chiphaso cha khoti. Wowerenga Baibulo sangalephere kumva fungo la Deuteronomo m'menemu. Ndipo mu 2014 dziko la Mangalande lidathetseratu mwambowu, n'kusiya njira ina yokhudza nyumba zochitiramo malonda zokha. Mnyamata wa pakhomo amene watumidwa ndi loko ndi hamala m'bandakucha si sherifi. Mwini nyumba amene wagulitsa kapena kuononga katundu wa wina popanda chilolezo angathe kusumiridwa n'kulipira ndalama zoposa zimene ankafunazo.

Tikudziwa chimene eni nyumba ayankhe. Ati kukhoti n'kutali, milandu imachedwa, ndipo ndalama zoyendera zingapose ngongole yeniyeniyo. Ati ukangomulola tenanti kutuluka ndi katundu wake, sudzamuonanso. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo sitikulipeputsa. N'chifukwa chake tati chikole chololedwa chilipo. Mwini nyumba apereke notisi yolembedwa, nthawi yake yokwanira. Tsiku lotuluka aitane mfumu ya deralo kapena akuluakulu awiri, iye aime panja, ndipo wangongoleyo atulutse yekha chinthu chimodzi kapena ziwiri zolingana ndi ngongoleyo. Zilembedwe papepala: chinthu chake, mmene chilili, mtengo wake, tsiku lodzawombola, ndi chimene chidzachitike tsikulo likadzadutsa. Onse asayine, aliyense atenge pepala lake. Zofunda, ziwiya zophikira, mankhwala, zikalata, mabuku a ana ndi zida za ntchito zipite ndi eni ake tsiku lomwelo. Zikakanika pamenepo, khoti la majisitireti lilipo, ndipo likagamula limatuma masherifi ake. Mwina mwini nyumba adzatayapo kenakake potsata njira imeneyi. Adzataya zochepa poyerekeza ndi kapolo wa pa Mateyu 18, amene adakhululukidwa matalente 10,000 koma n'kukanyanga pakhosi mnzake wa marupiya 100.

Kwa inu amene katundu wanu watsekeredwa kale, musathyole loko usiku, chifukwa mudzasandutsa mlandu wa mnzanu kukhala wanu. Khalani pansi lero lomwe, mulembe chilichonse chimene chidatsala m'nyumbamo mukadakumbukira bwino. Sonkhanitsani malisiti, zithunzi za m'foni zoonetsa katunduyo, ndi mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba osonyeza miyezi imene mudalipira. Lembani kalata yaulemu yopempha katundu wanu, yonenanso mmene mubwezere ngongoleyo, ndipo muipereke pamaso pa mboni. Musazengereze poganiza kuti mudzapita mukadzapeza ndalama yonse, chifukwa chiswe sichidikira. Mukakanizidwa, pitani kwa mfumu ndi kwa akulu a mpingo. Mukaopsezedwa kapena kumenyedwa, kapenanso mankhwala a wodwala akakanizidwa, pitani kupolisi. Amene alibe ndalama ya loya afike ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pamilandu. A CCJP a mpingo wa Katolika ndi a Church and Society a CCAP nawonso amalangiza pa za ufulu. Koma pitani m'malo onsewa mutavomereza ngongole yanu. Wobisa mbali yake amafooketsa mlandu wake womwe.

Mipingo nayo isadzipatule. Timadziwa kusonkha pamaliro, timadziwa kusonkha paukwati, koma banja likatulutsidwa m'nyumba timati ndi nkhani ya awiri. Atsogoleri a milaga, miphakati ndi malimana amadziwa bwino lomwe khomo limene lendi yatsalira miyezi iwiri, ndipo nthawi yolowererapo ndi imeneyo, loko asanagulidwe. Akulu awiri angathe kukhala pansi ndi mbali zonse ziwiri n'kugwirizana zobweza pang'onopang'ono. Thumba la zachifundo lingathe kulipirako mwezi umodzi kwa mwini nyumba wamasiye, amene nayenso ali pamoto. Ndipo ngati mwini nyumba wogulitsa katundu wa mnzake ali mkulu wa mpingo, bwalo la mpingo limuitane monga momwe limaitanira mtsikana amene wapezeka ndi pathupi, osayang'ana kukula kwa chopereka chake.

Pafupifupi tchalitchi chilichonse cha m'tauni chili ndi kachipinda kosungiramo mabenchi othyoka, matenti ndi miphika ikuluikulu ya pamaliro. Banja lotulutsidwa nthawi zambiri limasiya katundu m'manja mwa mwini nyumba chifukwa chosowa kokamuika, poti kwa achibale kumene likupita kulibe malo ngakhale a mphasa yachiwiri. Mpingo utatsegula kachipinda kameneko kwa mwezi umodzi kapena iwiri, mlembi n'kulemba m'kaundula chilichonse cholowa ndi chotuluka, achinyamata n'kuthandiza kunyamula pawilibala, mabanja ambiri akadapulumutsa matilesi ndi mapoto awo. Nkhani imeneyi ikhale pamndandanda wa zokambirana pamsonkhano wotsatira wa akulu a mpingo ndi wa khonsolo ya parishi.